Kaikidwe Kabwino ka Thanki ya Pulasitiki Nyengo ya Dzuwa

Kuchigwa ku Mfuwe, mwezi wa Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Ino ndiyo nyengo imene madzi amasowa, ndipo mabanja, sukulu ndi mipingo yambiri ikugula mathanki a pulasitiki. Lero pa pulogalamu ino tikambirane kaikidwe kake, kuti ndalama zimene mwatuluka nazo thukuta zisathere pansi.

Tiyambe ndi chinthu chimene nonse munachionapo. Mpando wa pulasitiki ukagulidwa umakhala wolimba. Koma mukamaukhalira padzuwa tsiku ndi tsiku, miyendo yake imayamba kutagalala, ndipo simabwereranso. Palibe amene anauthyola. Pulasitiki ikasenza katundu nthawi yaitali imatanuka pang'onopang'ono, ndipo ikatenthedwa imatanuka msanga. Akatswiri khalidwe limeneli amalitcha creep. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo thanki yanu imafa imfa yomweyi.

Taganizani kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, chimodzimodzi matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50. Katundu yenseyo watsamira pansi pa thanki usana ndi usiku.

Choncho choyamba ndi pokhazika. Pansi ponse pa thanki payenera kugona pamalo osalala ndi olingana. Ngati muika pansi, wakani konkire yokulirapo kuposa thanki, muyeze ndi levulo, musese timiyala tonse. Kamwala kamodzi kotsalira kadzalowa m'pulasitiki mwakachetechete mpaka kuboola. Ngati muika pamwamba pa sitandi ya chitsulo, musakhazike thanki pa zitsulo ziwiri kapena zitatu zotalikirana. Pulasitiki imalendewera m'mipatamo, kenako imang'ambika. Yalani matabwa okhuthala moyandikana kwambiri, kapena chitsulo chathyathyathya, ndipo mitu ya misomali ndi mabauti isatulukire pamwamba.

Chachiwiri ndi sitandi. Ena amafunsa kuti, kodi chitsulo nachonso chimatanuka ndi dzuwa? Chitsulo, ngakhale chija chosachita dzimbiri, chimatanukadi, koma pokhapokha kutentha kukafika cha m'madigiri 500, monga m'ng'anjo zopangira magetsi a malasha ku Maamba. Dzuwa la kuno ku Chipata silifika pamenepo. Chimene chimagwetsa sitandi kuno ndi dzimbiri, zitsulo zopyapyala ndi kuwotcherera kwa changu. Muuzeni wowotcherera kukula kwa thanki asanadule chitsulo. Aike zitsulo zopingasa pakati pa miyendo, miyendoyo izikidwe m'konkire, ndipo mupake penti mvula isanagwe.

Chachitatu ndi mapaipi. Paipi yotuluka m'thanki isalendewere payokha. Ikalendewera imakoka pakamwa pa thanki chaka chonse, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Ichirikizeni ndi chitsulo kapena mtengo, ndipo ngati mungathe ikani kapaipi kofewa pakati pa thanki ndi paipi yolimba.

Mvetserani bwino apa. Kufakitale mapaipi a PVC amayesedwa asanagulitsidwe. Amawadzaza madzi othinikizidwa, n'kuwamiza m'madzi otentha madigiri 60 kwa maola 1,000, kuti aone ngati angaphulike. Kuyesa kotere ndiko kumathandiza kuwerengera kuti paipi ikhoza kugwira ntchito zaka 50. Koma mphamvu yolembedwa papaipi ndi ya madzi ozizira. Paipi ikatentha kufika madigiri 45, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yakeyo latha. Paipi yogona pamtunda masana a Okutobala imafika pamenepo mosavuta. Igwireni ndi dzanja mudzamva nokha. Ndiye kumbani ngalande, muchotse miyala, muikwirire. Imene iyenera kukwera khoma muipake penti yoyera. Madzi otentha a m'giza asadutse m'paipi ya PVC. Gwiritsani ntchito ya kopa kapena ya PPR, zimene anapangira madzi otentha.

Ndili ndi pempho kwa inu amisiri a mapaipi. Chizolowezi choyatsa kamoto ka mapepala n'kuwamba paipi kuti ilowe mu inzake chilekeni. Pamene mwawambapo pamapyapyala ndi kuuma, ndipo mawa padzadontha. Gulani zolumikizira ndi guluu wake; mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kufukula ngalande yonse.

Chachinayi ndi mthunzi. Mangani kadenga pamwamba pa thanki, musiye mpata woti mphepo izidutsa, malata asakhudze pulasitiki. Lambulani udzu kuzungulira, chifukwa ino ndi nyengo ya moto wolusa, ndipo musatenthe zinyalala pafupi. Thanki ikakhala yopanda madzi imapepuka, kamvuluvulu akhoza kuigwetsa. Imangeni ndi malamba, koma osafinya mpaka kuipinda.

Pogula, funsani wogulitsa ngati thanki ndi yotetezedwa ku dzuwa komanso yosungira madzi akumwa. Papaipi yang'anani zolembedwa: dzina la opanga, kukula kwake ndi mphamvu yake. Paipi yopanda cholembedwa chilichonse isiyeni, ngakhale itsike mtengo bwanji. Bungwe la Zambia Bureau of Standards lilipo kuti katundu akhale ndi muyezo, koma maso oyamba ndi anu.

Chomaliza, muziiyendera thanki yanu. Ikadzaza, zungulizani chingwe pamimba pake, mumange mfundo, musunge. Chaka chamawa mwezi womwewu yesaninso pamalo omwewo. Ngati chingwe chaperewera kwambiri, pansi patupa, kapena khungu lake layamba mbuu ndi timing'alu, chepetsani madzi muitane mmisiri. Ana asasewere kunsi kwa sitandi, ndipo musaphikirepo.

Amayi ndi abambo, madzi akatayika saoleka. Pulogalamu ikangotha, tulukani mukaone pamene pakhala thanki yanu, mukonze lero dzuwa lisanaimalize.