Azakhali: "Apongozi anga agula kale lumo"

Okondedwa Azakhali,

Pepani, nkhani yangayi ndi yamanyazi koma ndasowa pogwira. Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja, ana awiri. Ndimagulitsa kaunjika mumsika. Patha masabata awiri ndikutaya madzi pafupipafupi. Ndikangotuluka m'chimbudzi ndimamvanso kuti mkodzo wandigwira, koma ndikabwererako kumangotuluka timadontho towotcha ngati tsabola wa kambuzi. Usiku ndimadzuka kanayi, mwina kasanu. Mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa anandigawira makapisozi amene anamutsalira, ndinamwa masiku awiri, kuwotcha kuja kunachepako. Koma tsopano kumusi kukuyabwa zosagona nazo tulo, ndipo kukutuluka zoyera ngati chambiko. Apongozi anga akuti ndi mauka, moti agula kale lumo kuti Loweruka tipite kwa agogo ena akandidule. Mnzanga uja akuti ndisapusitsidwe, andibweretsera matenda ndi bambo a kunyumba poti ndi adalaivala a minibasi. Ndimvere ndani? Kuchipatala ndikuchita mantha, nanga ndikakapeza dokotala wamwamuna?

Ine NaPhiri, ku Limbe

Mwana wa achimwene anga,

Ndiye kuti dalaivala wamwamuna sunamuope mpaka ana awiri, koma dokotala wamwamuna yekhayu ndiye wasanduka fisi? Ha, ana inu mudzatipha ndi phwete. Bwera ukhale pamphasa pano, ukunge chitenje, tikambirane ngati akazi.

Ndikuona kuti pa thupi lako limodzili pakhala kale khoti. Apongozi agamula mauka, mnzako wagamula dalaivala, makapisozi nawo alowererapo. Amene sanafunsidwe ndi mkodzo wakowo, chonsecho mboni yeniyeni ndi umenewo.

Ndiyambe ndi kuwotchako. Ife akazi kanjira kathu ka mkodzo n'kakafupi, pafupifupi masentimita 4 basi, pamene ka amuna kamafika cha m'ma 20. Komanso khomo lake lili pafupi ndi kumbuyo, kumene kumakhala tizilombo ta m'matumbo, makamaka kena kotchedwa E. coli. M'matumbomo n'kwawo, sikavuta. Koma kakangosochera n'kukwera kanjira kaja, ulendo wake sufika n'komwe pa wa ku Ndirande, kafika kale m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo chikatupa chimasanduka mwana wolira pachabe: timadontho tiwiri tikangolowamo chayamba kale kukuitana. Ukadzuka usiku, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, upeza palibe chilipo, kungowotchedwa. Zimenezi zimagwira akazi ambirimbiri, anamwali osadziwa mwamuna ndi agogo omwe. Si chilango, si uve, ndipo pazokha si umboni woti pakhomo pali woyendayenda.

Ndipo ndikudziwa mmene mumachitira inu a mumsika. M'mawa kapu imodzi ya tiyi, madzi osamwa tsiku lonse poopa chimbudzi cholipira, komanso poopa kuti ukangochoka pa benchi kasitomala wa jekete lija agula kwa mnzako. Mkodzo umausunga kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa litapendeka ngati ndalama za chipereganyu. Mkodzo wokhalitsa ndi dziwe, tizilombo timaswana mmenemo. Imwa madzi mpaka mkodzo uzituluka woyererako, osati wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Ukamva kuti wakugwira, siyira mnzako benchi upite. Podzipukuta uziyambira kutsogolo kumka kumbuyo. Ndipo mukatha zocheza zanu ndi adalaivala, usangotembenukira kukhoma n'kuyamba mkonono, dzuka ukataye madzi kaye. Amakokolola zambiri madzi amenewo.

Tsopano makapisozi a mnzakowo. Ndi dokotala wa kuti mayi ameneyu, wa mabelo a kaunjika? Wamwa mankhwala osadziwa dzina lake, osadziwa ngati ndi a matenda ako, n'kuwasiyira panjira. Tizilombo tofooka tafa, tolimba tatsala, ndipo taphunzira kuzemba mankhwalawo. Choipa china n'chakuti mankhwala otere sasankha. Kumusi kuja kuli tizilombo tabwino timene timalondera pakhomo, timapangitsa malowo kukhala owawasira pang'ono kuti adani asamere. Makapisozi akapha alondawo, kafangasi kotchedwa Candida, kamene kamakhala kali pomwepo kachetechete, kamapeza danga n'kufalikira. Ndiko kuyabwa ndi zoyera ngati chambikozo. Sindinakuyeze ayi, ine ndine azakhali chabe, koma mmene walongosoleramu ndikukayikira kuti unali ndi vuto limodzi, mnzako wakuwonjezera lachiwiri mwaulere. Mankhwala ake alipo, timibulu toika kumusi usiku pogona monga clotrimazole, ndipo masiku ochepa munthu umaiwala zokanda.

Za lumo ndiye ndiyankhula mokweza, apongozi akowo amve ali kukhitchini komweko.

Ine amene ndikulemba pano ndinadulidwapo. Ndinali ndi mwana mmodzi kumsana. Anandilowetsa m'kanyumba kamdima, agogo wina atamanga duku, lumo ali nalo m'kachitini ka mafuta odzola pamodzi ndi singano ndi mabatani. Amayi awiri anandigwira miyendo. Atatha anandionetsa kanyama kakang'ono pa tsamba, ati taona mauka ako ndi awa, n'kundipaka zakudazakuda zochokera m'chigoba. Kuyabwa kunasiyadi sabata imeneyo, nanga munthu angamve kuyabwa pamene pali bala? Ndinkayenda ngati bakha. Bala litapola, kuyabwa kunabwerera ngati mlendo woiwala chipewa. Patapita zaka namwino wina anandiuza kuti kanyama kaja kanali thupi langa lomwe, mmene Mulungu anandiumbira.

Vuto la dzina loti mauka n'lakuti ndi dengu lalikulu, timaponyamo chilichonse choyabwa kumusi: fangasi, matenda opatsirana pogonana, njerewere, ngakhale kutupa kobwera ndi sopo. Zonsezi palibe chimene chimachoka ndi lumo. Fangasi sadulika. Njerewere gwero lake ndi kachilombo ka HPV, ukadula pamwamba kamatsala m'khungu. Chimene lumo limasiya ndi bala pamalo ponyowa, ndipo bala limenelo ndi khomo lotsegula la HIV, matenda a chiwindi ndi kafumbata. Apongozi ako sakukufunira zoipa, nawonso anachitidwa zomwezo ndipo akuona ngati ndi chikondi. Usawanyoze. Uwauze mwaulemu kuti, "Amayi, ndiyambe ndakayezetsa kaye, mundiperekeze." Akakhale nawo pa benchi la kuchipatala, amve okha.

Pomwepo ndikuletseretu zina zimene mumanong'onezana kumabafa: kutsuka m'kati ndi sopo, kuikamo mandimu, viniga, mankhwala otsukira mano, fodya, timiyala touma ndi timizu toti bambo akasangalale. M'kati muja mumadzitsuka mokha. Madzi oyera kunja kokha akwana. Panti akhale wa thonje, ndipo umuyanike padzuwa, osati kumubisa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda ngati katundu wakuba, n'kumuvala m'mawa ali wachinyezi.

Nanga adalaivala? Sindiwamanga, koma sindiwamasulanso. Chinzonono, chlamydia ndi trichomonas nazo zimawotcha pokodza. Kawirikawiri zimabwera ndi chikazi chachikasu kapena chobiriwirako, nthawi zina cha fungo, ndi kupweteka pa chinena kapena pogonana. Zina mwa izo mkazi amatha kukhala nazo osamva kanthu, zili m'kati kutseka njira za mazira mpaka kubereka kudzavuta. Akakapeza zotere adzakupatsa kakalata koti ukapatse bambo, ndipo muyenera kumwa mankhwala nonse awiri, apo ayi muzingopatsirana ngati mbale ya ndiwo. Mupume kaye kapena mugwiritse ntchito kondomu mpaka mutamaliza. Akakupatsani Flagyl uwauze kuti botolo alisiye kaye, mankhwala amenewa sayanjana ndi mowa. Koma usakawayambe ndi chipande usikuuno chifukwa cha mawu a mnzako. Mnzako yemweyo si uja wa makapisozi?

Sunandiuze kwanu. Ngati unakulira kunyanja, kaya ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota, ku Chilwa, kapena unkalima mpunga m'madzi ndi kuchapa m'madambo, ukanene zimenezo kuchipatala ngakhale asanakufunse. Likodzo timaliyesa la anyamata okodza magazi kusukulu, koma mwa akazi timazira ta nyongolotsi zake timakakamira m'chikhodzodzo, m'njira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero. Mkazi amamva kuyabwa, kuwotcha, kutuluka timagazi akagona ndi mwamuna, ndiye amangopatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana chaka ndi chaka, mabanja n'kumagwedezeka, mwini mlandu ali phee m'madzi. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ya likodzo ndiye imafunadi kudekha kuti uigwire. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu.

Akakuyezenso shuga, n'kungobaya chala basi. Munthu wa shuga amakodza pafupipafupi koma mkodzo wake umakhala wambiri, ludzu losatha, ndipo fangasi uja amangobwerabwera chifukwa wapeza zotsekemera. Ndipo kumwezi unapita liti, mwanawe? Usandiyang'ane choncho. Mimba yongoyamba nayo imathamangitsa munthu kuchimbudzi, ndipo kwa mayi woyembekezera matenda a m'chikhodzodzo si oseweretsa, amatha kuchititsa kuti mwana abadwe asanakhwime. Mankhwala enanso sapatsidwa kwa wapakati, n'chifukwa chake ayenera kudziwa asanakulembere.

Apa pokha ndisiye nthabwala. Ukamva kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza, kapena kupweteka m'mbali mwa msana pansi pa nthiti, usadikire kuti kuche kawiri ndipo usangoti ndi malungo n'kukagula panado. Zikatero tizilombo takwera kufika ku impso, ndipo kumeneko anthu amagonekedwa. Ukaona magazi mumkodzo, chimodzimodzi, nyamuka tsiku lomwelo.

Mawa m'mawa tenga buku lako la kuchipatala. Usatsuke m'kati poti ukaoneke waukhondo, ungafufute umboni. Tenganso kapepala ka makapisozi aja ukawaonetse. Ukalowa usayambe ndi "mutu ukundiwawa" monga mumachitira, n'kutuluka ndi aspirin vuto lili pomwepo. Nena mmene wandilemberamu: pokodza pakuwotcha, kumusi kukuyabwa, kukutuluka zotere, ndinamwa izi. Ukhoza kupempha kuti akuone namwino wamkazi, kapena kuti pakhale mayi wina m'chipindamo, palibe angakudye. Akakupatsa kabotolo ka mkodzo, taya kaye madontho oyamba, utape apakati. Ndipo poti wavula kale, funsa ngati angakuyeze khansa ya khomo la chiberekero. Khansa imeneyi ikutenga amayi ambiri m'dziko muno, pamene kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa. Mankhwala amene akupatsewo umalize onse, ngakhale kuwotcha kutasiya tsiku lachiwiri, ndipo usasungireko mnzako wa benchi.

Lumo lija usataye, ndalama zinapita. Upatse adalaivala amete ndevu, ndinawaona pa siteji tsiku lina akuoneka ngati tonde.

Ndine Azakhali ako