Dziwani ufulu wanu: nkhanza kwa ziweto ndi mlandu

Mbuzi yomangidwa miyendo inayi pakaliyala wa njinga, mutu uli lende, ikulira njira yonse ya kumsika dzuwa likuswa mtengo: ambirife tikaiona timangodutsa. Komatu dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza nyama, Protection of Animals Act, mutu 66:01 wa malamulo athu. Limaletsa kumenya chiweto mwankhanza, kuchisenzetsa katundu wopyola mphamvu zake ndi kuchinyamula mochizunza popanda chifukwa. Mwini wake akalekerera wantchito kuchita zimenezi, nayenso ali ndi mlandu.

Ena amati, "Bulu ndi wanga, ndinagula ndekha." Zoona, koma kugula sikupereka chilolezo chomukoketsa ngolo ali ndi chilonda chamagazi pakhosi. Zimandiwawa kwambiri kuona galu wolondera nyumba usiku wonse akuswera pa tcheni lalifupi, mbale yamadzi ili gwa.

Mukaona zotere muli ndi ufulu wokanena kupolisi kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu. Ku Lilongwe kulinso bungwe la LSPCA, lomwe limalandira madandaulo otere ndi kuthandiza nyama zovulala.