Mtsinje Wodzaza Kumwamba Kulibe Mtambo

Ife amene tinakulira m'mbali mwa Shire, Bua kapena Linthipe tinaphunzira tili ana kuti mtsinje umadzaza mvula ikagwa kumtunda. Tikayang'ana kumwamba n'kuona kuli mbee, timawoloka mtima uli m'malo. Phunziro la a Master Guide la mwezi uno likutitengera ku mtsinje umene nzeru imeneyi ingatiphetse. Dzina lake ndi Hiwassee, uli ku Tennessee m'dziko la America, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Collegedale kumene kuli Southern Adventist University. Ena mwa ife tidzapitiriza maphunziro kumaiko otere, ndipo akadzamva kuti ndife a Master Guide adzatipatsa ana a eni kuti tikagone nawo kutchire.

Chigawo cha mtsinjewu ndi paki ya boma la Tennessee. Malo omangapo matenti ali ku Gee Creek, pafupi ndi Delano, ndipo nkhalango yaikulu ya Cherokee National Forest yachita malire ndi malowo. Cha kumtunda, kufupi ndi mudzi wa Reliance, kumayambira njira ya oyenda pansi yotchedwa John Muir Trail, yokumbukira munthu amene anadutsa dera limeneli wapansi mu 1867.

Nyengo imene tikuphunzira ndi ya Seputembala mpaka Novembala. Kwathu kuno ndi miyezi ya thukuta, koma kumeneko masana amakhala akufupika ndipo chisanu chikuyandikira. Mitengo imasiya kupanga chlorophyll, chimene chimabiriwitsa masamba, ndiye chikasu chimene chinabisika chimaonekera ndipo masamba ena amafiira psuu. Mombo wathu umafiira potulutsa masamba atsopano, pamene ya kumeneko imafiira itatsala pang'ono kuyoyola. Anthu amakhamukira kukaona zimenezi cha kumapeto kwa Okutobala.

Tibwerere ku madzi. Kumtunda, m'chigawo cha North Carolina, kuli damu la Apalachia limene bungwe la Tennessee Valley Authority linamaliza kumanga mu 1943. Madzi a m'damulo amadutsa m'ngalande ya pansi pa mapiri ndi m'mapaipi mtunda wa makilomita pafupifupi 13, n'kukatulukira pa nyumba yopangira magetsi kumtunda kwa Reliance. Makina akazimitsidwa mtsinje umaphwa, miyala imaonekera, ndipo mwana aliyense amafuna kudumphadumpha kukafika pakachilumba ka pakati. Makinawo akayatsidwa, madzi amakwera mofulumira dzuwa likuswa mtengo, ndipo miyala imene tinapondapo popita sitiionanso pobwerera. Madziwo ndi ozizira kwambiri, n'chifukwa chake nsomba za trout zimakhalamo. Munthu wonyowa nawo madzulo a mu Novembala, atavala zovala za thonje zimene siziuma msanga, amayamba kunjenjemera, kenako kulankhula mosokonekera, ndipo moyo wake uli pangozi. Bungwe lija limalengeza pa intaneti ndi pafoni nthawi imene likuyembekeza kutsegula madzi, koma limachenjezanso kuti nthawiyo ikhoza kusintha. Choncho mtsogoleri aone ndondomekoyo asananyamuke, ndipo akafika aike munthu mmodzi woyang'anira mwala umodzi wa m'mphepete. Madzi akangoyamba kuukwera, kapena mkokomo wa mtsinje ukasintha, wenzulo ilire ndipo onse atulukire gombe limene lili pafupi, ngakhale likhale la tsidya lina.

Kwa ife osunga Sabata pali wotchi inanso. Misasa yathu imayamba Lachisanu, tsiku lokonzekera. Ku Malawi kulowa kwa dzuwa kumasuntha ndi pafupifupi ola limodzi lokha chaka chonse, ndiye tinazolowera kusawerengera. Ku Tennessee, Lachisanu la kumapeto kwa Okutobala dzuwa limalowa 7 koloko itatsala pang'ono kukwana. Lamulungu loyamba la Novembala wotchi zimabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo Lachisanu lotsatira dzuwa limalowa cha m'ma 5:40. Gulu lofika pamsasa 4 koloko linali ndi maola pafupifupi atatu omangira matenti ndi kuphika. Tsopano silikwanitsa ngakhale awiri, ndipo m'chigwa mapiri amabisa dzuwa msanga kuposa pamenepo. Ambiri a ife tinatsegulapo Sabata tochi ili kukamwa tikukhomerera zikhomo za tenti, ndipo tikudziwa kuti nyimbo siimveka bwino choncho.

Eksodo 16 amatiphunzitsa kuphikiratu za Sabata tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ku Hiwassee funso lotsatira ndi lakuti mphika wa nyemba wophikidwa Lachisanuwo ugona kuti, chifukwa m'nkhalangomo muli zimbalangondo zakuda. Nyengo imeneyi chimbalangondo chimadya pafupifupi usana ndi usiku kuti chinenepe chisanu chisanafike. Chimafuna mtedza wa mitengo ya oak ndi hickory, ndipo chaka chimene mitengoyi sinabereke bwino chimayenda mitunda italiitali kutsata fungo lililonse. Chakudya, mapoto osatsuka, zinyalala, ngakhale sopo ndi mankhwala otsukira mano, zonse zigone m'galimoto yokhoma, mawindo otseka. Mutenti musalowe ngakhale botolo la chiponde. Tikakumana nacho panjira tisathawe. Tiime pamodzi, tilankhule mokweza, tibwerere m'mbuyo pang'onopang'ono titachisiyira mpata wodutsa. Zija timamva zoti munthu azinamizira kufa sizigwira pa chimbalangondo chakuda: chikaukira, timalimbana nacho. Koma kawirikawiri amene amafa ndi chimbalangondocho, pakuti chikazolowera chakudya cha anthu chimasiya kuopa, ndipo oyang'anira nyama amakakamizika kuchipha.

Zina tizitchule mwachidule. Njoka zaululu za copperhead ndi timber rattlesnake zimaothera dzuwa pamiyala masana ofunda, ndipo copperhead imafanana ndi masamba ouma. Mavu ena amamanga pansi panthaka ndipo miyezi imeneyi amalusa. M'nkhalango yoyandikana ndi paki mumakhala alenje a mfuti, choncho oyenda amavala zofiirira ngati lalanje zoonekera patali. Nkhuni zochokera kutali n'zoletsedwa pokhapokha zikhale zotenthedwa ndi kutsimikizidwa, chifukwa zimanyamula tizilombo topha mitengo. Moto uzimitsidwe mpaka phulusa ligwirike ndi dzanja; mu Novembala 2016 moto wolusa unapha anthu 14 kudera la Gatlinburg, ku Tennessee komweko.

Pali cholengedwa china chimene ambiri sachiona. Pansi pa miyala yaphwatalala ya mu Hiwassee pamakhala hellbender, chinyama cha m'gulu la achule chooneka ngati buluzi wamkulu woterera, chimene chimatha kupitirira theka la mita. Chimapuma kudzera pakhungu, ndiye chimafuna madzi oyera othamanga. Chimaswana kumayambiriro kwa nyengo ino, ndipo champhongo ndicho chimalondera mazira pansi pa mwala. A Pathfinder amakonda kusanja miyala ndi kutchinga timadamu tosambira, ndipo mwala umodzi wotembenuzidwa mosewera ukhoza kukhala chisa chonse. Genesis 2:15 tiiwerenge titaima pamenepo.

Chakumapeto kwa Novembala, kumunsi kumene Hiwassee amathira mu mtsinje wa Tennessee, kufupi ndi Birchwood, kumatera mbalame zikwizikwi za miyendo italiitali zotchedwa sandhill crane, zothawa chisanu kumpoto. Mneneri Yeremiya anayerekezapo anthu a Mulungu ndi mbalame zoyenda ndi nyengo, ndipo anthuwo ndiwo anapezeka operewera.

Zokambirana m'magulu: Werengani Yeremiya 8:7 ndi Eksodo 16:22-26. Kenako konzani ndondomeko ya gulu la ana 20 lonyamuka ku Collegedale Lachisanu lachiwiri la Novembala. Linyamuke nthawi yanji? Ndani ayang'anire mwala, ndipo ndani asunge kiyi wa galimoto ya chakudya? Ana atatu atsala pakachilumba madzi akukwera, mmodzi wa iwo sadziwa kusambira: mtsogoleri achite chiyani, ndipo aletse ena kuchita chiyani? Mayankho tibwere nawo pamsonkhano wa Sabata masana.