SOKETI YOZIMA YOKHA ISUNGA MAGETSI M'KHOLA LA ANAPIYE

Mwezi wa June ukalowa, madandaulo a alimi oweta nkhuku amakhala awiri. Wina ati, "Anapiye anga ali kufa usiku ndi cisanu." Mnzace ati, "Anga ali moyo ndithu, koma mayuniti a magetsi ali kutha ngati ndiri kutungira madzi m'dengu." Onse awiri anena zoona. Tsono lero tifuna kukamba za kacipangizo kamodzi kothandiza mlimi amene ali ndi magetsi pakhomo pace. Kacipangizoka ndi soketi imene imayatsa nyale kukazizira, ndi kuizimitsa yokha kukafunda. Amalonda amaicha thermostat.

MWANAPIYE ALIBE GOMBEZA

Poyamba tikumbuke cifukwa cace anapiye afuna moto. Nkhuku yaikulu iri ndi nthenga, ndipo thupi lace limatentha lokha kufikira madigiri ngati 41. Kamwanapiye kongoswa kumene kali ndi tiubweya cabe, ndipo pa masabata awiri oyamba sikatha kusunga kutentha kwa thupi lace. Pamudzi nchito imeneyi ndi ya thadzi. Anapiye akamva mphepo athamangira m'mapiko mwa mai wao, akafunda atulukanso kukatola zakudya. Taonani kuti thadzi silifungatira ana ace usana wonse ai, lidziwa nthawi yace. Koma anapiye 100 obwera m'katoni alibe mai. Mai wao ndinu ndi nyale yanu.

Sabata loyamba anapiye afuna madigiri 32 kufikira 35 pamalo pamene agona. Sabata liri lonse lotsatira kutenthako kucepe ndi madigiri ngati 3, kufikira atamera nthenga bwino pa sabata lacinai kapena lacisanu. Koma nyengo yathu ya June ndi July iri ndi nkhope ziwiri. Ku Chipata, ku Katete, ku Lundazi ngakhale ku Lusaka, mbanda kuca muyeso umatsika kufikira madigiri 10 kapena kucepera apo, makamaka kufupi ndi madambo. Dzuwa likafika pamutu kumapitirira madigiri 20, ndipo m'khola la malata mumatentha koposa kunja. Nyale iribe nzeru za thadzi. Moto umene ipereka usiku pakati ndi womwewo umene ipereka masana. Cotero mlimi amene aisiya yoyaka tsiku lonse ali kulipira ndalama kuti asautse anapiye ace, pakuti anapiye otenthedwa ayasamula kukamwa, agwetsa mapiko, amwa madzi ambiri naleka kudya, ndipo sakula msanga.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Nyale yofiira imene alimi ambiri agwiritsa nchito ndi ya mawati 250, ndipo imodzi ikwanira anapiye 50 kufikira 100 monga mwa kuzizira kwa malo. Nyale yotere pa maora 4 idya yuniti imodzi. Usana ndi usiku idya mayuniti 6, ndipo pa masabata atatu yadya mayuniti 126. Ngati nyale ziri ziwiri, ndiwo mayuniti 252. Tsono tinene kuti soketi ija izimitsa nyale maora 8 pa tsiku, nthawi imene khola lafunda kale ndi dzuwa. Pamenepo nyale iri yonse yapulumutsa mayuniti 2 pa tsiku, ndiwo 42 pa masabata atatu, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse aja. Ici ndi citsanzo cabe. M'khola lina mudzapulumuka ambiri, m'khola lina simudzapulumuka kanthu konse, ndipo cifukwa cace ticiona kutsogoloku.

MMENE IGWIRIRA NCHITO

Mwina ena aganiza kuti ici ndi cinthu cacilendo, koma amai amene asita zobvala ndi nsimbi ya magetsi acidziwa kale. Posita mumamva kuti "tha!" ndipo kagetsi ka pa nsimbi kazima, papita kanthawi mumvanso "tha!" ndipo kayaka. M'kati mwa nsimbiyo muli kacitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo za mitundu iwiri zomatikizana, monga citsulo wamba ndi mkuwa. Citsulo ciri conse cikatentha cimatalika pang'ono, koma mkuwa utalika koposa cinzace. Cifukwa ca ici kacitsulo kaja kakatentha kapindika, kaleka kukhudza waya, ndipo magetsi aduka. Kakazizira kaongokanso, kakhudza waya, ndipo magetsi ayenda.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa magetsi a m'nyumba, ndipo codabwitsa ndi cakuti inayambira pa nkhuku zomwezi. Ca m'ma 1620 munthu wina wa ku Holland, dzina lace Cornelis Drebbel, amene anali kukhala ku England, anapanga bokosi loswetsera mazira limene linali kutseka lokha mpweya wa moto pamene latentha kwambiri. Pambuyo pace, m'caka ca 1883, mphunzitsi wina wa ku Wisconsin ku America, Warren Johnson, anapanga thermostat ya magetsi ya m'zipinda zophunziriramo.

Masoketi ambiri a masiku ano alibe kacitsulo kopindika. Ali ndi kawaya katali, ndipo kunsonga kwace kuli kamutu koyesa kutentha. Pankhope pace pali manambala ndi mabatani. Soketiyo muilowetsa m'soketi ya pakhoma, ndipo pulagi ya nyale muilowetsa m'soketiyo. Kenaka mucera manambala awiri: loyatsira ndi lozimitsira. Ulipo mtundu wina, wochedwa STC-1000, umene anthu opanga makina oswetsera mazira amaukonda. Umenewo ulibe pulagi, ufuna kulumikiza mawaya, tsono nchitoyo mupatse munthu wodziwa za magetsi.

CENJERANI POGULA

Si soketi iri yonse yozima yokha imene iyenera anapiye. Ku maiko ozizira kwambiri, monga Canada ndi kumpoto kwa America, bvuto la alimi ndi lakuti madzi a ziweto ndi a m'mipope amauma gwa ngati mwala. Kumeneko agulitsa tisoketi tocera kale ku fakitale, topanda mabatani. Kamodzi kodziwika kwambiri, ka dzina lakuti Thermo Cube, kayatsa pa madigiri ngati 2 ndi kuzimitsa pa madigiri ngati 7. Kwao katero kathandiza ndithu, pakuti cotenthetsa madzi ciyaka pa masiku a cisanu coopsa okha. Koma kuno kwathu mukaika kotero m'khola, nyale siidzayaka ngakhale anapiye onse ataunjikana ndi kufa. Inu funsani soketi imene mungathe kucera nokha manambala ace, kufikira madigiri 35 ndi kupitirira, ndipo onani kuti iri kuwerenga madigiri a Celsius, a cizindikiro ca C, osati a cizindikiro ca F.

Masoketi ena ali ndi polowetsa pawiri. Pena palembedwa "Heating", pena "Cooling". Nyale ilowe polembedwa "Heating". Mukailowetsa penapo zinthu zidzatembenuka: nyale idzayaka masana kukatentha, ndi kuzima usiku kukazizira.

Werenganinso katundu amene soketiyo ingathe kusenza, pakuti alembedwa kumbuyo kwace. Soketi ya pakhoma ya mabowo atatu isenza mawati ngati 3,000, koma tisoketi tambiri ta thermostat tisenza ocepera apo. Nyale zinai za mawati 250 ndi mawati 1,000, ndipo palibe bvuto. Koma wina akaonjezapo cotenthetsa m'nyumba kapena mbaula ya magetsi, pulasitiki idzasungunuka.

PAMENE KAMUTU KAKHALE

Apa ndi pamene alimi ambiri alakwa. Soketi siidziwa kutentha kwa khola lonse ai. Idziwa kutentha kwa malo amodzi okha, pamene pali kamutu kaja. Mukakamangirira pansi penipeni pa nyale, kadzamva moto msanga ndi kuzimitsa nyale pamene anapiye a m'mphepete akali kunjenjemera. Mukakapacika pakhoma kufupi ndi citseko, kadzamva mphepo nthawi zonse, ndipo nyale siidzazima. Mukakakweza m'mwamba mudzanyengedwa, cifukwa mpweya wofunda umakwera kudenga pamene pansi pali pozizira. Malo ace ndi m'mphepete mwa kuwala kwa nyale, pamsinkhu wa msana wa mwanapiye, ngati zala zitatu kucokera pa utuci.

Kumbukiraninso kuti anapiye ajompha ciri conse. Ndiponso akagona pamwamba pa kamutuko, kadzamva kutentha kwa matupi ao ndi kuzimitsa nyale usiku pakati. Tsono kachingeni ndi kasefa ka waya kuti mpweya uzipita koma anapiye asakakhudze.

Sabata loyamba cerani kuti nyale iyake pa madigiri 32 ndi kuzima pa 34. Sabata laciwiri 29 ndi 31, lacitatu 26 ndi 28, lacinai 23 ndi 25. Musayandikize manambala awiriwa koposa apa, pakuti nyale yoyaka ndi kuzima kawiri kawiri ipsa msanga, ndipo mtengo wa nyale yatsopano udzadya phindu la mayuniti aja.

Manambala akhale manambala, koma maso anu akhale pa anapiye. Akaunjikana pansi pa nyale ndi kulira kwambiri, ali kumva cisanu ngakhale soketi inene kuti zonse ziri bwino. Akathawira kumphepete ndi kusiya pakati popanda kanthu, moto wacuruka. Akakhamukira mbali imodzi, pali mphepo imene iri kulowa. Akamwazikana ponse ponse, ena ali kudya, ena ali kumwa, ena ali gone, musakhudze batani liri lonse.

Pali kanthu kena kamene kaiwalika. Nyale yofunditsa ikazima, kuwala kwace kuzimanso, ndipo mwanapiye sadya mumdima. Masiku oyamba afuna kuona cakudya ndi madzi pafupifupi nthawi zonse. Cifukwa cace ikani babu laling'ono la LED pa soketi yace yace, losadzera pa thermostat. Babu lotere lidya magetsi ocepa zedi, koma musaliyese cofunditsira, pakuti lipereka kuwala kokha.

KHOLA LOBOOKA SILISUNGA KANTHU

Tinanena kuti m'khola lina simudzapulumuka kanthu. Soketi izimitsa nyale pokha pokha kutentha kukafika pa nambala imene munacera. Ngati mphepo iri kulowa m'mazenera ndi kunsi kwa citseko, kutentha kumene nyale ipereka kuuluka pomwepo, nambala ija siifikika, ndipo nyale iyaka usana ndi usiku monga kale. Mlimi wotere adzanena kuti anamgulitsa cinthu cakufa, pamene colakwa ciri pa khola lace.

Tsono musanagule soketi, yambani mwakonza khola. Anapiye ang'ono asatenge cipinda conse. Azingeni ndi mpanda wozungulira wa makatoni kapena mphasa, wofika m'mabondo, wopanda ngondya zimene angaunjikanemo, ndipo muziukuza pamene ali kukula. Pansi thirani utuci wouma kapena mankhusu a mpunga, okhuthala ngati kutalika kwa cala. Mazenera a mbali yocokera mphepo achingeni ndi masaka, makamaka madzulo. Ngati denga ndi la malata, yalani masaka kapena mphasa kunsi kwace pamwamba pa mpandawo, kutali ndi nyale, kuti kutentha kusathawire kumwamba. Koma musatseke ponse. Siyani mpata kumwamba, pakuti zitosi zitulutsa mpweya woipa, ndipo inu mukalowa ndi kumva maso kuwawa, anapiye ayamba kale kubvutika.

Nyale ipacikeni ndi cheni kapena waya wolimba, osati ndi cingwe cace ca magetsi, ndipo italikire utuci masentimita 45 kapena kuposa. Cogwirira cace cikhale ca dothi looca, pakuti ca pulasitiki cisungunuka. Nyale ya mawati 250 ikagwera pa utuci wouma, khola lipsa. Soketi yeniyeniyo ikhale pamwamba, kutali ndi madzi akumwa, ndipo muziipukuta pfumbi.

MAGETSI AKAZIMA

Soketi iyi siipanga moto, ingotsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino acokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. M'caka ca 2024 mvula inakana, madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika September magetsi anali kuzima maora 20 kapena kuposerapo pa tsiku m'madera ambiri. Amene anaweta anapiye caka cimeneco akumbukira. Ndipo amene adalira batire laling'ono la sola adziwe kuti nyale ya mawati 250 idzalimaliza usiku usanafike pakati.

Cifukwa cace mbaula ndi thumba la makala zikhale pafupi nthawi zonse. Mbaulayo muikoleze kunja kufikira utsi utatha, ndipo polowa nayo muikhazike pa njerwa ndi kuichinga ndi sefa. Makala atulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, tsono mpata wa kumwamba uja usatsekedwe, ndipo munthu asagone m'menemo. Magetsi akabwera tulutsani mbaula, ndipo yang'anani ngati manambala amene munacera akali momwemo.

Soketi yatsopano muiyese anapiye asanabwere. Kutatsala tsiku limodzi yalani utuci, pacikani nyale, cerani manambala, ndipo muisiye igwire nchito usiku wonse. Fumbatani kamutu kaja m'dzanja lanu kanthawi: nambala ikwere ndipo nyale izime. Katayeni: nambala itsike ndipo nyale iyakenso. Ndipo dzukani tambala woyamba akalira, nthawi imene kuzizira kufika pacimace, mukaone nambala. Ngati nyale iri kuyaka koma nambala yakanirira pa 26 kapena 27, nyale imodzi siikwana m'khola lanulo. Onjezani yaciwiri kapena cepetsani mpanda katoni ya anapiye isanafike pakhomo.