KUDYA BWINO NDI NDALAMA ZOCHEPA

Anthu ambiri amati kudya bwino n'kwa anthu olemera. Akamva mawu akuti "kudya bwino" amaganiza za nyama, mpunga, buledi ndi tiyi wamkaka. Koma si choncho ayi. Kudya bwino ndiko kudya zakudya zakasinthasintha tsiku lililonse, ngakhale zikhale pang'onopang'ono.

N'zoona kuti zinthu zakwera mtengo. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya m'misika inakwera. Koma thupi silidikira kuti mitengo itsike. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana wopinimbira amadwaladwala, ndipo kusukulu amavutika kumva. Tsono tiyeni tione mmene tingadyetsere banja ndi ndalama zochepa za pa sabata.

Magulu asanu ndi limodzi

A zaumoyo amagawa zakudya m'magulu 6:

1. Zokhutitsa: chimanga, mbatata, chinangwa, mapira.
2. Za mtundu wa nyemba: nandolo, nyemba, khobwe, soya, mtedza.
3. Zanyama: usipa, matemba, mazira, mbewa, ngumbi, nyama.
4. Zamasamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chitambe, therere.
5. Zipatso: manachesi, mango, mapapaya, nthochi, magwafa.
6. Zamafuta: mafuta ophikira, mapeyala.

Nsima yokha imakhutitsa, koma siimanga thupi. Gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Yesetsani kuti dzuwa lisalowe banja lisanalawe kanthu m'gulu lililonse.

Yambani ndi zomwe muli nazo

Ife a ku Mwanza tili ndi mwayi. Boma lathu limadziwika ndi manachesi. Nandolo timalima m'minda yathu momwe. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha nthawi ya dzinja. Nkhwani timathyola m'munda wa maungu. Zonsezi sizifuna ndalama.

Choncho musanatenge dengu, zungulirani pakhomo, kumunda ndi kudimba. Onani magulu amene muli nawo kale. Ndalama zanu zigule gulu lokhalo limene likusowa.

Lembani musanapite kumsika

Tsopano mumadziwa kulemba ndi kuwerengera. Gwiritsani ntchito nzeru imeneyi. Munthu wopita kumsika wopanda pepala amagula ndi maso. Amayamba ndi zitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera, ndipo pofika pa nsomba ndalama zatha.

Tiyerekeze kuti banja lili ndi chimanga chake, masamba ndi zipatso, ndipo lili ndi K20,000 ya sabata yonse. Likhoza kulemba motere:

Chigayo: K2,000
Usipa kapena matemba: K5,000
Nyemba kapena soya: K4,000
Mtedza: K3,000
Mafuta ophikira: K3,000
Mchere, tomato ndi anyezi: K2,000
Zosunga: K1,000

Wonkhetsani nokha muone ngati zakwana K20,000. Nambalazi ndi zophunzirira chabe. Inu mulembe malinga ndi ndalama zanu ndi mitengo ya pamsika wa kwanu, kaya ndi pa Boma, ku Thambani kapena ku Kunenekude. Bambo ndi mayi alembere limodzi pepalali. Ndalama ya ndiwo isathere ku mowa.

Gulani mwanzeru

Ndalama yogulira nyama ya tsiku limodzi ikhoza kugula usipa wa masiku angapo. Tinsomba tating'ono timadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ndipo timalimbitsa mafupa ndi mano.

Gulani zinthu za pa nyengo yake, chifukwa ndi pamene zimatsika mtengo. Nyengo yozizira idyani manachesi. Mvula ikayandikira idyani mango.

Kugula timilu tsiku ndi tsiku kumadya ndalama zambiri. Gwirizanani ndi anzanu awiri kapena atatu, mugule nyemba kapena mtedza wambiri nthawi imodzi, kenaka mugawane.

Gulani mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini. Mchere wotere umateteza ku chithokomiro, ndipo umathandiza ubongo wa mwana kukula bwino.

Musakopeke ndi mtedza kapena chimanga chachuku chifukwa choti n'chotsika mtengo. Chuku chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi. Sankhani ndi kutaya konse kowola.

Phikani mosataya chakudya

Ufa woyera ndi wokoma m'maso, koma pokonola chimanga, zabwino zambiri zimapita ndi madeya. Mgaiwa uli ndi chakudya chambiri, ndipo thumba la chimanga limakhalitsa mukagayitsa mgaiwa.

Tsukani masamba musanadule. Aphikeni ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa. Musathire soda, chifukwa amapha mavitamini. Mafuta akasowa, tenderani ndi nsinjiro. Mtedza uli ndi mafuta ake, ndiponso umamanga thupi.

Mukadya nyemba, nandolo kapena masamba, idyaninso nachesi kapena gwafa. Zipatsozi zimathandiza thupi kutenga ayironi, amene amawonjezera magazi. Tiyi amalepheretsa zimenezi, choncho musamwe tiyi nthawi ya nsima. Amayi oyembekezera asamale kwambiri mfundo imeneyi.

M'mawa simufunika buledi. Phikani futali wa mbatata ndi nsinjiro. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Funsani alangizi a zaulimi za mbewu yake.

Ana aang'ono choyamba

Mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6. Akatero muyambe kumpatsa phala, koma apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala lisakhale lamadzimadzi. Likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira kapena usipa wosinja.

Mimba ya mwana ndi yaing'ono, choncho adye kangapo pa tsiku. Mpatseni mbale yakeyake. Akamadya mbale imodzi ndi akuluakulu, ndiwo zimatha iye asanakhute. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo werengani nokha zimene alemba m'buku lake.

Musagulitse zonse

Nthawi yokolola mavenda amafika m'midzi kudzagula nandolo ndi mtedza. Ndalama ndi yofunika, inde. Koma ambiri timagulitsa zonse pamtengo wotsika, kenaka mu Januwale ndi Febuluwale timakagulanso zomwezo pamtengo wokwera. Patulani chakudya cha banja musanagulitse.

Masamba akachuluka, futsani. Wiritsani pang'ono nkhwani kapena chitambe, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, ndipo sungani pouma. Mfutso udzakuthandizani m'chilimwe masamba akadzasowa. Madzi otsukira mbale thirirani kadimba ka pakhomo. Sungani nkhuku zingapo, ndipo mazira ena adye ana. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mafunso

1. Tchulani magulu 6 a zakudya.
2. N'chifukwa chiyani mgaiwa uposa ufa woyera?
3. Kodi nachesi amathandiza chiyani tikadya ndi nyemba?
4. Mayi anali ndi K20,000. Anagula usipa wa K5,000 ndi mtedza wa K3,000. Anatsala ndi ndalama zingati?

Zochita kunyumba

Lembani m'kope zonse zimene banja lanu ladya dzulo. Pambali pa chakudya chilichonse lembani gulu lake. Ndi gulu liti limene lasowa? Kambiranani ndi anzanu m'kalasi mmene mungalipezere sabata ino. Kenaka lembani pepala lanu la kumsika, ndipo mupite nalo tsiku la msika.