Za Kusankha Nkhunzi: Msinkhu Wake Ulingane ndi Busa

Munthu wa paulendo akangotsika phiri la Chiweta nayamba kutsata gombe kulowera ku Chilumba, sachedwa kuzindikira kuti wafika m'dziko la ng'ombe. Ndizo zimalima minda ya mpunga ku Hara ndi ku Wovwe, ndizo zimakoka ngolo, ndizo zimaperekedwa pa malowolo, ndipo pakagwa matenda m'nyumba kapena mwana akafuna ndalama za sukulu, maso onse amayang'ana ku khola. Chifukwa chake nkhani ya nkhunzi si yaing'ono ayi. Ng'ombe yaikazi imakhala ndi bere miyezi 9 nibala thole limodzi lokha. Koma nkhunzi yokhwima ikhoza kukwera zazikazi 25 kapena 30 pa nyengo imodzi, kotero kuti mwini khola akalakwa pa tsiku losankha, kulakwako kumaoneka m'mathole onse, ndi m'ana a matholewo omwe.

Anthu ambiri amaweruza ndi maso okha, namati yaitali ndiyo yabwino. Asanatero ayambe amva zimene zinaonekera alimi a ku America, anthu a masikelo ndi mabuku, amene anasokera kawiri pa nkhani yomweyi.

Kumeneko ng'ombe zanyama amapita nazo ku zionetsero, ndipo nkhunzi imene yapambana imagulidwa pa mtengo waukulu, mbewu yake nifalikira m'makola ambirimbiri. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 oweruza a zionetserozo ankakonda ng'ombe zazifupi, zonenepa, za miyendo yaifupi, zimene msana wake unkalekeza m'chiuno mwa munthu. Oweta mitundu ya Hereford ndi Angus anatsata maganizo a oweruzawo, nasankha zazifupi chaka ndi chaka, mpaka m'makola munayamba kubadwa mathole opinimbira, otupa mphumi, opuma movutikira, osakula konse. Mbewu ya chilema chimenechi inkabisala mwa nkhunzi zooneka bwino, ndipo makola ena otchuka anatha nacho.

Atapsa motero anathawira ku mbali ina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mitundu ikuluikulu ya ku Ulaya, monga Charolais ndi Simmental, inayamba kufalikira, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 nkhunzi yopambana pa chionetsero inali ija yotalika kufika m'mapewa mwa woigwira chingwe, kapena kuposerapo. Ali ndi muyeso wao umene amautcha frame score: amayeza kutalika kwa ng'ombe pa chiuno, nalinganiza ndi miyezi yake yobadwa, napereka nambala kuyambira 1 kufika 9, ndipo kusiyana kwa nambala ndi inzake ndi pafupifupi masentimita 5. Muyesowo ndi wabwino ndithu. Cholakwa chinali kuganiza kuti nambala yaikulu ndiyo mphotho. Zazikazi zinayamba kuvutika pobala, zinkachedwa kukhwima, zinkadya kwambiri, ndipo alimi anabwereranso ku msinkhu wapakati.

Tsono phunziro limeneli likhudza bwanji Chilumba, kumene ng'ombe za kuno, zija za linunda zimene akatswiri amazitcha Malawi Zebu, ndi zazing'ono kale? Likhudza pa udzu. Ng'ombe imadya tsiku lililonse udzu wouma wokwana pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake. Yaikazi ya kuno, imene kawirikawiri siposa makilogalamu 300, imakhuta ndi makilogalamu 7 kapena 8. Ya makilogalamu 600 ifuna pafupifupi kawiri. M'mwezi wa Febuluwale, udzu uli m'mawondo, kusiyanaku sikuoneka. Kumaoneka mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kunyanja litawauitsa dambo, pamene ziweto zikulimbirana zotsala za mpunga m'minda. Pamenepo yaing'ono imaonda koma imatenga bere mvula ikagwa. Yaikulu imaonda nidumpha chaka osabala. Ndipo ng'ombe yosabala, ingakhale yokongola chotani, imangotha busa la zinzake.

Palinso nkhupakupa ndi kutentha. Ng'ombe za kuno zinakulira m'menemo mibadwo yosawerengeka, ndipo zimapirira matenda a nkhupakupa, monga aja otchedwa East Coast fever, kuposa za ku Ulaya. Nkhunzi yachilendo ikasowa dibi milungu ingapo ikhoza kufa ndalama zake zisanabwerere. Ikakhala moyo, pali nkhawa ina: thole la mutu waukulu ndi mapewa otambalala m'mimba mwa mai wa chiuno chaching'ono, usiku, kutali ndi mlangizi wa ziweto. Ofuna kukweza msinkhu wa khola lao ndi magazi a Brahman sakulakwa, pakuti Brahman nayonso ndi ya linunda ndipo imapirira dzuwa. Koma achite pang'onopang'ono, ndipo asaikweretse pa zazikazi zimene sizinabalepo.

Ku South Africa katswiri wina, Jan Bonsma, anayamba mu 1937 pa famu ya boma ya Mara kufunafuna ng'ombe yoyenera dziko lotentha. Anaphatikiza Afrikaner ya komweko ndi Hereford ndi Shorthorn, koma magazi a Afrikaner anawasiya ochuluka, magawo 5 mwa 8. Mtundu umene unatuluka ndi Bonsmara. Chochititsa chidwi n'chakuti oweta mtunduwu salola kuti ng'ombe zao zipikisane pa zionetsero: amasankha poyang'ana kubala, kukula kwa mathole ndi zolembedwa m'buku.

Koma asaganize wowerenga kuti m'midzi mulibe kusokera kwakekwake. Kulipo, ndipo n'kwachete. Thole lamphongo likamakula msanga, la chifuwa chachikulu, mwini wake amaliona ngati loyenera goli, nalifula. Lina lonenepa amaligulitsa kwa opha nyama chifukwa ndilo la mtengo. Chotsala m'busa osafulidwa ndi kaja konyozeka kamene palibe anakafuna, ndipo ndi komweko kamakhala tate wa mathole a mudzi wonse, popeza ziweto za makola ambiri zimadyera pamodzi. Ku America anachepetsa ng'ombe zao mwadala; kuno zimachepa popanda wofuna. Ngakhale Yakobo, poweta ziweto za Labani, ankasamala kuti ana a zamphamvu ndiwo akhale ake.

Wosankha nkhunzi ayambe wafunsa za mai wake: kodi amabala chaka ndi chaka kapena amadumphadumpha, kodi amabala yekha, kodi mathole ake amafika poleka kuyamwa ali onenepa? Ndipo aione nkhunziyo m'chilimwe, osati m'dzinja pamene ng'ombe iliyonse imasalala. Aiyendetse, aone miyendo yakumbuyo ndi ziboda, pakuti yotsimphina singatsate zazikazi kuchokera kuphiri kukafika kunyanja. Msana ukhale woongoka, nthiti zotambalala, ubweya waufupi wosalala, machende awiri ofanana ndi okula bwino. Yaukali aisiye, chifukwa abusa ambiri ndi ana, ndipo ana ake aamuna ndiwo adzasenze goli. Kutalika kubwere pambuyo pa zonsezi: pakati pa nkhunzi ziwiri za zaka zofanana, yokhuthala thupi iposa yongotalika miyendo.

Chotsala ndi ubale. Ana aakazi a nkhunzi amafika poti n'kukweredwa patapita zaka ngati zitatu, ndipo tate wao akakhalabe m'khola lomwelo, magazi amabwerezana, mathole nafooka. Sikofunika kugula ina nthawi zonse. Eni makola a midzi iwiri yotalikirana, wina wa ku Hara ndi wina wa ku Nyungwe, akhoza kusinthana nkhunzi pamaso pa mboni ndi nyakwawa, atafunsa kaye mlangizi wa ziweto ngati kuyendetsa ng'ombe n'kololedwa nyengo imeneyo, popeza matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka boma limatseka njira.