Phunziro la Mau Atsopano: Kupweteka kwa Mafupa ndi Mfundo (Geredi 5)

Mau oyamba

M'boma la Lundazi ana ambiri amalankhula Citumbuka kwao, koma kusukulu amaphunzira Cinyanja. Mwana akagwa mumtengo wa mango kapena pabwalo la mpira, amafunika mau olongosolera pamene pampweteka. Mphunzitsi akalephera kumva bwino, angatumize kunyumba mwana wofunika cipatala. Cotero phunziro ili nlokulitsa cinenero, komanso nloteteza ana.

Colinga

Pomaliza phunziro, ana athe kusiyanitsa aneni awa: kubinya, kuguluka ndi kuthyoka, ndi kuwagwiritsa nchito m'ziganizo zomveka.

Zofunika kudziwa mphunzitsi

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Pamene mafupa akumana timati mfundo, ndipo pali mitsempha yolimba imene imawamanga pamodzi.

1. Kubinya: mitsemphayo yakokeka kapena yang'ambika, kawirikawiri pakakolo. Pamatupa ndi kuwawa. Mwana apumule, mwendo uikidwe pamwamba, ndipo pakhale nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 kapena 20.

2. Kuguluka: fupa lacoka m'malo mwake pamfundo, monga paphewa kapena pacala. Mfundo imaoneka yopotoka ndipo siyenda. Musayese kulibwezera nokha.

3. Kuthyoka: fupa laduka kapena lang'aluka. Mafupa a ana ngofewa. Amapindika nang'aluka mbali imodzi ngati nthambi yaiwisi, motero mwana angayende ngakhale fupa litathyoka. Mangirirani ciwaloco kukathabwa kokutidwa ndi nsalu monga mwacipezera, osaciwongola. Zala zikazizira kapena kucita dzanzi, mwamanga kwambiri, masulani pang'ono.

Mwana apite kucipatala msanga ngati sangaponde mapazi anai, ngati ciwalo capotoka, kapena ngati fupa laboola khungu. Mfundo yotupa, yotentha, mwana ali ndi thupi lotentha koma sanagwe, ndi cizindikiro coopsa ca matenda a m'kati. Apite tsiku lomwelo. Kukoka ciwalo, kucisisita mwamphamvu ndi kutemera mphini kumangoonjezera vuto. Mphunzitsi si sing'anga. Nchito yake nkuzindikira, kuthandiza pang'ono, kudziwitsa makolo ndi kutumiza.

Kaphunzitsidwe

Gawo 1: Yambani ndi zimene ana akudziwa. Afunseni m'mene amachulira fupa kwao. Akati ciwangwa, lembani pabolodi pambali pa liu lakuti fupa. Akati kuphyoka, lembani pambali pa kuthyoka. Musawadzudzule, pakuti cinenero ca mai ndico mlatho wofikira ku Cinyanja.

Gawo 2: Tengani nthambi ziwiri, youma ndi yaiwisi, muzithyole ana akuona. Alongosole kusiyana kwake m'mau ao.

Gawo 3: Lembani ziganizo izi: "Mwana wathyola nthambi." "Nthambi yathyoka." Ana aone kuti m'ciganizo coyamba wocita wachulidwa, koma m'caciwiri tangonena cimene cacitikira nthambi. Apeze okha aneni ena otere: gulula ndi guluka, masula ndi masuka, tumbula ndi tumbuka. Lamulo lidze pambuyo pa zitsanzo.

Gawo 4: Ana acite sewero awiriawiri, wina wopweteka, wina wofunsa: "Wagwa bwanji? Pakuwawa pati? Kodi ungaponde?" Woyankha ayankhe ndi ciganizo cathunthu.

Nchito ya ana

Aliyense alembe kalata ya ziganizo zisanu kwa makolo a mnzake amene wapweteka pamasewera, yonena nthawi, malo, ciwalo ndi thandizo limene lapatsidwa.

Funso kwa ophunzira uphunzitsi

Mwana wa Geredi 2 wabwera akutsimphina, bondo litatupa ndi kutentha, ndipo akukana kuti anagwa. Cinyanja sacidziwa bwino. Lembani mafunso atatu amene mungamfunse, ndi cimene mungacite ora loyamba lisanathe.